Miyezi isanu yosaka rekoda ya makina athu a sikani

Lachisanu lapitali ndiye ndinapumako. Mwana wa zaka 9 anagona pabedi, adokotala anamuika chojambulira pachifuwa, ine ndinaponda batani la pansi, kanyale kofiira kanayaka, mtima wake n'kulowa mu fulashi uku ukugunda. Panali patatha miyezi isanu tisakutha kuchita zimenezi. Ndikulembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono amene mukadali ndi marekoda a DVD pansi pa makina a sikani, chifukwa tsiku lanu likubwera.

Makina athu ndi akale, anabwera ngati mphatso kuchokera ku America pamodzi ndi rekoda yake. Ena amafunsa kuti rekoda ndi yachiyani poti pulinta ilipo. Pepala la pulinta limakwanira pa sikani ya mayi woyembekezera, koma mtima suima, umafunika kanema. Ana amene mavavu a mtima anawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino, tikawatumiza ku Queens ku Blantyre, ndi bwino dokotala wa kumeneko aone vavuyo ikutseguka ndi kutseka. Ndiponso mapepala aja amafufutika akakhalitsa m'chikwama chotentha.

Rekoda inayamba kudwala pang'onopang'ono. Zimbale zina inkalandira, zina n'kulavula. Kenako thireyi inayamba kukakamira, mpaka asisitala ankachita kuikoka ndi zala. Ndinaitsegula. Kalamba kamene kamakoka thireyi kanali katafutukuka, ndipo ndinapeza kena kwa mkulu wina wokonza mawailesi kumsika. Kagalasi ka laser, kuwala kumene kumalemba ndi kuwerenga chimbale, ndinakapukuta ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl. Chonde musagwiritse ntchito sipiriti wofiirira uja, amasiya zotsalira pagalasi. Inagwira bwino masabata awiri, basi n'kuyambiranso. Laser ikatopa yatopa, kupukuta sikuibwezera mphamvu.

Ndiye ndinayesa nzeru imene aliyense amayesa: kuchotsa chowerengera zimbale m'kompyuta yakale n'kuchiika mu rekoda. Chingwe chake chophwatalala chija cha mano 40 chinalowa bwinobwino, koma rekoda sinachizindikire. Imangomvana ndi chimene inabadwa nacho. Opanga anasiya kale kupanga mtundu umenewu, ndipo zotsala pa intaneti ndi zogwiritsidwa kale ntchito, zotopa ngati yathu yomwe.

Apa ndi pamene ndinataya ndalama za chipatala, ndipo zimandiwawabe. Ndinagula rekoda ya panyumba pa sitolo ya katundu wa kaunjika wochokera ku Britain. Nditalumikiza, chithunzi chinatuluka chopanda mtundu, chikudumphadumpha. Makina a ku America amatulutsa chithunzi m'dongosolo la kanema lotchedwa NTSC, pamene rekoda imene ndinagulayo inkangodziwa PAL, imene timagwiritsa ntchito kuno. Ndipo ngakhale ikanagwira, mkulu amene amayendera zipangizo zathu anandiuza mosabisa kuti chinthu cholumikizidwa ku makina okhudza thupi la wodwala chiyenera kukhala chopangidwira chipatala, cha muyezo wa IEC 60601-1, kuopa magetsi odontha. Zonsezi ndikanazipewa ndikanachita chinthu chimodzi tsiku loyamba: kuzungulira kumbuyo kwa makina ndi foni n'kujambula mabowo onse, pamodzi ndi kapepala kolembedwa nambala ya makina ndi mphamvu ya magetsi. Jambulani kumbuyo kwa makina musanagule chilichonse.

Zithunzizo nditazitumiza kwa wogulitsa zipangizo zachipatala ku Johannesburg, anayankha tsiku lomwelo. Anaona bowo lotulutsira chithunzi la S-Video la mano anayi, anaona kuti ndi NTSC, anaonanso kuti chingwe cha mano 9 chimene chinkalola adokotala kuyatsa rekoda ali pa makina sichingalankhule ndi rekoda yatsopano, choncho anawonjezera batani lopondera pansi. Anatilangiza tisiyane nazo zimbale, titenge rekoda yosunga mu fulashi. Sindinatsutse. Chimbale cha DVD chimangonyamula 4.7 GB, chimakandika, ndipo makompyuta ambiri a masiku ano alibe n'komwe pochilowetsa.

Za kubanki sindinena zambiri, aliyense woitanitsa katundu kunja akuzidziwa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo uliwonse wa mu randi umachititsa akawuntanti athu kugwira mutu. Koteshoni inali ya masiku 30, ndalama zakunja sizinapezeke m'masiku amenewo, tinapempha ina.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni ndi kalata yochotsera msonkho. Katundu atafika pabwalo la ndege, ejenti wathu anaimba kuti pali vuto. Pa invoisi panangolembedwa kuti ndi rekoda ya makanema, mawu oti chipatala panalibe. Choncho a msonkho anaiwerengera ngati chinthu choonerapo mafilimu pabalaza, msonkho wonse. Anati tibweretse kalata yotsimikiza kuti ndi chipangizo chachipatala. Ndinanyamuka m'mamawa pa minibasi, ndinafika ku ofesi yopereka kalata yochotsera msonkho ija isanakwane 9 koloko, kalata ya chipatala chathu ili m'manja. Mayi wa pakhomo anaiwerenga n'kunena kuti, "Bambo, palibe chidindo cha ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu." Palibe anandiuzapo za chidindo chimenecho pafoni, ngakhale ndinafunsa kawiri kuti ndibwere ndi chiyani. Ndinabwerera.

Ulendo wachiwiri chidindo chinalipo. Ndinakhala pabenchi la m'khonde kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, emvulopu ili pamwendo, ndikuonerera anthu akulowa ndi kutuluka ndi makapu a tiyi. Kenako mnyamata wina anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Achimwene, musadikire, abwana osayina ali kumsonkhano kunyanja, abwera Lolemba." Tsiku lonse palibe anaganiza zondiuza. Ndinafunsa ngati palibe wina wogwirizira mpando, anati alipo koma za msonkho sasayina. Ndipo tsiku lililonse limene ndinkataya pabenchi paja, kosungira katundu kubwalo la ndege ankawerengera ndalama. Loweruka ndi Lamlungu lomwe ankawerengera. Ndalama imeneyo ikanagula mankhwala a odwala angati? Sabata imeneyo tinatumiza mtsikana wina ku chipatala chachikulu ndi mapepala awiri okha ndi kalata yolemba pamanja. Amayi ake anandifunsa kuti, "Nanga chimbale chija mumapereka chili kuti?" Ndinasowa choyankha.

Kalata inatuluka paulendo wachitatu. Inu muchite mosiyana: uzani wogulitsa alembe pa invoisi momveka kuti ndi chipangizo chachipatala chogwira ntchito ndi makina a sikani, aikepo ndi kabuku kake, ndipo kalata ya msonkho muiyambe katundu asanakwere ndege. Akatera kalata palibe, wotchi yayamba kukudyani.

Ndaiwala chinthu china chofunika, chimene chinayenera kubwera koyambirira. Rekoda ikangoyamba kulavula zimbale, tulutsani zimbale zonse zakale muzione pakompyuta rekodayo ikadali ndi mpweya. Chimbale cha DVD-R chimene sichinatsekedwe pomaliza kutepa nthawi zambiri sichitseguka pena paliponse, chimafuna rekoda yomwe inachilemba kuti ichitseke. Ife tinapeza mulu wa zotere m'katoni, rekoda itafa kale. Mnyamata wathu wa makompyuta wapulumutsako zina, zina zakana.

Kulumikiza yatsopano kunatenga mphindi zosakwana 20. Chingwe cha S-Video, kusankha NTSC, batani pansi. Imalandira magetsi athu a mavolti 230 mwachindunji, choncho thiransifoma yolemera ya rekoda yakale tinaichotsa, koma ndinakakamira kuti ikhale pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, chifukwa magetsi akazima pakati pa kutepa fayilo imawonongeka. Tsopano wodwala aliyense wotumizidwa amapita ndi fulashi yolembedwa dzina, ndipo kope lina limatsala pakompyuta yokhala ndi nambala yachinsinsi. Kumbuyo kwa makina a X-ray ndi a ku fiyeta ndajambulako kale, zithunzi zili m'foni ndi m'faelo.

Rekoda yakale sindinaitaye momwemo. Mkati mwake munali hard disk yosunga zithunzi ndi mayina a odwala, ndiye ndinaichotsa n'kuikhomera m'kabati ya amatroni. Katoni ya zimbale ikadali pansi pa tebulo langa, ndikukopera zisanu tsiku lililonse ndikamaliza odwala.