Waffle wa m'tauni ndi ufa wa kwa agogo

Titafika pa mutu wa zakudya za m'mawa, aphunzitsi athu a zophikaphika anatituma kuti aliyense akadye kumalo odyera a m'tauni, ndipo abwere atalemba zimene waona. Ine ndinanyamuka ku Chiputula Loweruka cha m'ma 10 koloko, kuli chisanu, kamvula ka mu Juni kakuwaza monga mudziwira Mzuzu. M'thumba munali ndalama ya ndiwo za masiku atatu.

Pa menyu panalembedwa brunch. M'kalasi tinali titamva kale kuti mawuwa anayamba kulembedwa ku England mu 1895, ndipo ndi chakudya chimodzi cholowa m'malo mwa kadzutsa ndi nkhomaliro. Ndinaitanitsa mazira awiri, khofi ndi waffle, chakudya cha ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka chophikidwa m'chitsulo chamoto chotsekeka.

Mbale itabwera ndinayamba ndangoyang'ana. Waffle uja anali wamakona anayi, wa timaenje takuya, ndipo uchi unali utadzaza m'timaenjemo osayenderera. Nditamudula ndi mpeni analira kuti khwee, koma m'kati anali wofewa ngati thonje. Amenewa ndi mapangidwe a ku Brussels. Ku Belgium komweko kulinso wa ku Liège, wolemerera, wopangidwa ndi ufa wokanda ngati wa buledi, wokhala ndi timibulu ta shuga timene timasungunuka pa chitsulo chamoto. Zonsezi ndinali nditaloweza, koma m'kamwa mwanga zinali zisanalowepo.

Ndinalimba mtima kufunsa weta ngati ndingalankhule ndi wophika. Anatulukira bambo wachikulire, akupukuta manja pa epuloni.

"Pepani bambo, ndine mwana wasukulu. Mumadziwa bwanji kuti wapsa, chitsulo chili chotseka?"

"Mwana wanga, uziyang'ana nthunzi," anatero. "Ikamatuluka yambiri, usakhudze. Ikayamba kuchepa, tsegula."

Lolemba, m'khitchini ya kusukulu, ndinaiwala malangizo amenewa. Fungo litayamba kumveka ndinatsegula msanga, waffle n'kung'ambika pakati, theka pamwamba theka pansi. Ndinatha mphindi zambiri ndikupala chitsulo, mtima ukuwawa chifukwa cha mazira ndi mkaka zimene ndinawononga. Aphunzitsi anafotokoza kuti nthunzi ija ndi madzi a mu ufa akutuluka, ndipo khungu lokhutchuka limapangika pokhapokha kunja kwauma. Timaenje tija nawonso ali ndi ntchito: timachulukitsa malo okhudzana ndi moto, n'chifukwa chake waffle amakhutchuka kwambiri. Anatichenjezanso za kutakasa. Ufa wa tirigu ukautakasa kwambiri umanyeta ngati labala, choncho zoyera za dzira umazimenya pazokha mpaka zichite thovu, kenako n'kuzilowetsa pang'onopang'ono.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi masamu a mbale ija. Nditalemba chilichonse chinali pamenepo, ndinaona kuti khofi ndi wathu, wolimidwa m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya. Uchi ndi wathu, mazira ndi athu. Koma tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, chitsulo chophikira nachonso n'chakunja, ndipo chimafuna magetsi, omwe akazima mwini malo amayatsa jenereta. Ndinasiya kudandaula za mtengo umene ndinalipira. Chimene chimandikhudza mpaka pano n'chakuti mayi anga, omwe akazinga zitumbuwa kuyambira ine ndisanabadwe, sangalowe pamalo paja n'kuitanitsa mbale imeneyi osawerengera kawiri.

Ndiye ndinayesa china. Agogo a ku Nkhata Bay anali atatitumizira ufa wa kondowole, ndipo ndinatapako pang'ono. Pa makapu anayi aliwonse a ufa, imodzi ndinaika ya chinangwa. Poti chinangwa sichinyeta ngati tirigu, waffle anatuluka wokhutchuka kwambiri, ndipo sanafewe msanga pa mbale. Nditafika pa theka ndi theka zinakanika: anayamba kumata m'mano, fungo la kondowole n'kuphimba batala. Ndinabwerera pa muyeso woyamba uja. Pamwamba ndinaika nthochi zokazinga, uchi ndi mtedza wokazinga wosinja.

Ndinakulunga awiri m'pepala kupita nawo kunyumba. Mayi anadya mwakachetechete, akutembenuza waffle uja kuti aone timaenje.

"Nthochizi unazifulumirira," anatero. "Udikire zichite mawanga akuda, shuga uchepetse."

Mayeso ophika ali sabata yamawa. Nthochi ndagula kale kumsika wa Zigwagwa, zili m'dengu pansi pa bedi, zikupsa.