Kukafika pa hotela ya pachilumba ndi boti lanu

Mahotela odula a pazilumba za kumadera otentha anamangidwira alendo amene analipira kale chipinda, obwera pa ndege kapena pa boti la hotelayo. Wofika ndi boti lake sali m'kaundula wa aliyense, ndipo mlonda akhoza kumubweza asanaponde n'komwe mchenga. Choncho tumizani imelo ku hotelayo kudakali masiku awiri kapena atatu. Tchulani dzina la boti, kutalika kwake, mmene limamirira m'madzi, kuchuluka kwa anthu ndi tsiku lofika. Funsani ngati amalola nangula kapena ali ndi maboya (zoyandama zozikika pansi pa nyanja) omangirirapo boti, malipiro ake, malo amene mlendo wa tsiku limodzi angafike, ndi tchanelo cha wailesi ya VHF chomwe amayankhirapo. Tchanelo 16 n'choitanira ndi cha ngozi, si chokambirana za chakudya chamadzulo.

Kalandiridwe kamasiyana kwambiri. Ku Maldives, komwe hotela yoyamba, Kurumba, inatsegulidwa mu 1972, chizolowezi n'chakuti chilumba chimodzi, hotela imodzi, ndipo popanda chilolezo cha oyang'anira simutsika. Ku Musket Cove pachilumba cha Malolo Lailai ku Fiji anazolowera anthu a maboti kalekale. Koma kulikonse, hotela si doko lolowera m'dziko. Mukachokera kunja, kwezani mbendera yachikasu ya Q, yosonyeza kuti simunaloledwe kulowa m'dzikomo, mukayambe mwamaliza ndi a zolowa ndi kutuluka, monga ku Uligan kapena ku Malé kwa olowa mu Maldives.

Chovuta chenicheni chili m'madzi. Zilumba zambiri zotere zazunguliridwa ndi makorali (matanthwe a m'nyanja opangidwa ndi tizamoyo), ndipo mapu a pa GPS nthawi zina amaphonya ndi mamita ambirimbiri, pomwe mpata wolowera ndi wopapatiza. Lowani dzuwa lili pamwamba komanso kumbuyo kwanu, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Munthu mmodzi aime kutsogolo kwa boti atavala magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi. Madzi obiriwira moderako ndi akuya, obiriwira moyera ndi mchenga wosaya, ofiirira kapena achikasu ndi korali. Dzuwa likakhala kumaso, kapena mtambo ukaliphimba, mitundu yonseyi imasowa. Zikatero dikirani kunja. Pampata madzi amathamanga nyanja ikamadzaza kapena kuphwa, ndiye nthawi yabwino ndi pamene adekha pakati pa ziwirizi.

Nangula aponyedwe pamchenga basi. Pakorali amaononga zomwe zinatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo sagwiranso bwino. Kutalika kwa unyolo wa nangula werengerani motere: kuya mamita 8, kuonjezapo mita 1 ya kudzaza kwa nyanja ndi mita 1.5 kuchokera pamadzi kufika pamphuno ya boti, zikwana 10.5, kuchulukitsa kasanu, pakufunika pafupifupi mamita 52. Ku Maldives malo ambiri oimikapo ndi akuya mamita 20 kapena kuposa, ndipo apa ndi pamene unyolo wa maboti ambiri umaperewera. Mukamaliza kutsitsa, bwezani injini m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka unyolo utakungika, kenako wina asambire akaone ngati nangula walowadi mumchenga.

Mphepo ikatembenuka usiku, boti limazungulira ndipo unyolo umakulungika pamutu wa korali. Ukatero umafupika, sukhalanso ndi kokhota kofewetsa mafunde, ndipo kugwedezeka konse kumathera pa makina okokera nangula. Njira yake ndi kumangirira mafenda (zoyandama zotetezera m'mbali mwa boti) awiri kapena atatu pa unyolo motalikirana, kuti theka lake loyandikira boti liziyandama pamwamba pa makorali. Samalaninso mapaipi ndi mawaya apansi pamadzi, chifukwa mahotela ambiri otere amakoka madzi a m'nyanja n'kuwachotsa mchere; komanso msewu wa ndege zotera pamadzi, umene suoneka mpaka ndege ikubwera.

Boya musalikhulupirire chifukwa choti ndi la hotela yodula. Ena anawaikira timaboti ta osambira, osati boti la matani 15. Funsani kulemera komwe limapirira, muone chingwe chake ngati sichinaperepeseke, ndipo mumange ndi zingwe zanu ziwiri, chilichonse chibwerere mbali yake. Chingwe chimodzi chodutsa m'diso la boya kuchoka mbali ina kupita ina chimakhulana usiku wonse mpaka kuduka.

Popita kumtunda ndi kaboti kakang'ono, mangani chingwe chachitali ndi kuponya kanangula kumbuyo, kuti nyanja ikadzaza kabotiko kasapanikizike pansi pa mlatho wotsikirapo. Musananyamuke yatsani nyali yoyera ya pamwamba pa mlongoti, tsekani mawindo a padenga chifukwa mvula ya kumeneko sichenjeza, ndipo tengani tochi ndi wailesi yam'manja. Alamu yochenjeza nangula akaguluka yosiyidwa m'boti lopanda munthu sithandiza aliyense, ndiye ngati mphepo ikukayikitsa, pitani nkhomaliro m'malo mwa chamadzulo, mukhale pa tebulo loti boti mukuliona.

Pamtunda valani zouma ndi nsapato. Tengani zosinthira m'chikwama chosalowa madzi. Dziwe losambiramo, mipando ya pagombe ndi njira ya kuzipinda za pamadzi ndi za olipira chipinda, pokhapokha mutauzidwa. Jenereta ya phokoso pafupi ndi zipinda, ndege ya droni, kapena kutsegula thanki ya chimbudzi m'madzi osambiramo, n'zomwe zimachititsa mahotela kukaniratu maboti onse. Zinyalala musasiye popanda kupempha, poti nawonso amazichotsa pachilumba ndi boti. Ndipo mtengo wa pa menyu si womaliza: ku Maldives amaonjezapo 10 peresenti ya ogwira ntchito, kenako msonkho wa boma pamwamba pake, ndipo popeza mulibe nambala ya chipinda, mudzalipira pomwepo ndi khadi.