Ulendo wa ku Calomué ndi pepala la amayi a ku Dedza

Loweruka lapitali gulu lathu la ogulitsa mbatatesi ndi nyemba ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, linakwera minibasi ya chapa kupita ku Calomué, pachipata cha m'malire ndi Malawi, kukacheza ndi anzathu a ku Dedza.

Mayi wina wa ku Dedza amene amapita ndi katundu ku Chipata kudzera pa Mchinji anatulutsa pepala m'chikwama, lothothoka m'makona chifukwa chogwiragwira. Ndi la amalonda ang'onoang'ono, la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Katundu akakhala pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana, mtengo wake osapitirira madola 2,000, umangolemba pepalalo pachipata pomwepo n'kuwoloka osalipira msonkho wolowetsera katundu. Linayenda m'manja mwa tonse mpaka wapampando wathu anafunsa kuti, "Nanga amayi, ifeyo tingalipeze kuti?" Sitingalipeze. Mozambique inatuluka mu COMESA mu 1997. Timakumana ndi Malawi mu SADC.

Aphunzitsi ena opuma ntchito amene tinawatenga kuti azitiwerengera zikalata anati kukhala kunja kwa bungwe sikutsekereza msika. Norway, Iceland ndi Liechtenstein si mamembala a European Union, koma amagulitsa pamsika wake kudzera m'pangano lotchedwa EEA, limene linayamba kugwira ntchito mu 1994. Lamulo latsopano la msika likatuluka ku Brussels, kulikulu la European Union, komiti ya mbali zonse ziwiri imakhala pansi, ikagwirizana n'kulilowetsa m'panganolo. Mayiko atatuwo ali ndi owayang'anira awoawo komanso khoti lawo ku Luxembourg. Vuto lake n'lakuti lamulolo likamapangidwa iwo saponya nawo voti, ndipo zambiri za ulimi ndi nsomba anazisiya kunja.

Apa mpamene panavuta. Achimwene ena a ku Tsangano anati lamulo lophikidwa ndi ena sangalidye. Ine ndinawatsutsa, ndipo ndikuwatsutsabe. Kodi lero timavota pa chiyani? Thumba la mbatatesi likagona masiku awiri padzuwa podikira mapepala, layamba kale kuwola, n'chifukwa chake ambiri amalowera njira zam'tchire usiku, amayi n'kumavutitsidwa komweko. Malawi ndi Mozambique ali ndi pangano lawo la malonda la 2005, ndipo maboma awiriwa amakumana m'komiti yawo. Malo okambirana alipo.

Tinagwirizana zolemba kalata imodzi, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, yopempha kuti mndandanda uliwonse wa pachipata chino ukhale ndi mbatatesi, nyemba, kabichi ndi soya, ndiponso kuti pakhale munthu wotifotokozera m'chilankhulo chathu. A ku Dedza adzabwera ku Ulongwe mwezi wamawa kudzasainira.