Ndamumvetsa Atlas, zikomo wotchi ya pa Tiffany

Masabata atatu, pokonzekera mayeso, ndakhala ndikuloweza mayina a milungu ya Agiriki ngati mavesi a ku Sande sukulu, koma akandionetsa chithunzi cha nyumba ndinkangoti kakasi. Dzulo usiku zalowa. Ndimayang'ana khomo la sitolo ya zibangiri ndi mawotchi ya Tiffany pa Fifth Avenue ku New York, pamene pali Atlas atasenza wotchi. Ndi wamtengo, anamusema Henry Frederick Metzler mu 1853, ndipo sitoloyo ikamasamuka amamutenga. Pamene ali panopa anafikapo mu 1940.

Ine ndinkati Atlas amasenza dziko lapansi. Ayi ndithu. A Titan, milungu yakale ya gulu la Atlas, atagonja pankhondo, Zeus, mfumu ya milungu, anamulanga kuti asenze thambo. Mpira uja timauona pamapewa pake ndi thambo ndi nyenyezi zake zomwe. Nanga kale anthu nthawi ankaiwerengera kuti, si kumwamba komweko? Wogulitsa mawotchi anangotula thambo n'kumusenzetsa wotchi, katundu n'kukhala yemweyo. Ndinaseka ndekha.

Ndiye nkhani ndi imeneyo: munthu wosemedwa pakhoma umamudziwa ndi chimene wanyamula. Nkhope musavutike nazo, onse mphuno ndi imodzimodzi. Ndodo yokulungidwa ndi njoka ziwiri, mapiko pachipewa, ameneyo ndi Hermes, wa amalonda, ndipo Aroma amene ankamutcha Mercury ankamugwiritsanso kachikwama ka ndalama. Yemweyonso ndi mulungu wa akuba, kaya eni masitolo ankaziganizira zimenezo. Njoka ikakhala imodzi, wopanda mapiko, ndi Asclepius wa zamankhwala.

Tsopano ndikungojambula manja ndi mapewa okha m'kope, mutu ayi. Njira imeneyi ndikuiikira kumbuyo, imaposa buku lililonse. Chimene wajambula wekha ndi pensulo sichichoka m'mutu. Chikundinyansa n'chakuti aphunzitsi athu anathera teremu yonse pa mibadwo, uyu anabereka uyu, uyu anameza ana ake, osanenako kamodzi kuti tiziyang'ana m'manja. Zithunzi amazithamangitsa ngati akuthawa mvula, ndipo mayeso ali pakhomo.

Pamene ndakodwa ndi pa sitolo ya Macy's ya ku Herald Square, ku New York komweko, nyumba ya 1902. Mbali ya 34th Street kuli akazi anayi oimirira ngati mizati, osemedwa ndi J. Massey Rhind, mbewu ya aja asanu ndi mmodzi a ku kachisi wa Erechtheion ku Athens. Amenewa si milungu, ndipo katundu wawo ali pamutu. Vitruvius, Mroma wakale wolemba za zomangamanga, analemba kuti ndi akazi a ku Caryae amene analangidwa chifukwa mudzi wawo unagwirizana ndi Aperisi. Ngati zili choncho, woika akapolo pakhomo pamene amayi akulowa kukagula nsalu ankati akunena chiyani? Mwina ankangoona kuti akukongola, ndipo ine ndayamba kufunsa mwala uliwonse tanthauzo. Za Atlas ndi nthawi zija nazonso mwina ndazikokera ndekha, kaya.