Galu akatsinzina diso limodzi: mmene ndinayendera ndi chilonda cha m'diso cha Bingo

Anzanga oweta agalu ndi amphaka, nkhani ya diso ambiri timaitenga mwachibwana, timangoti aaa ndi chitsotso chabe chituluka chokha, kenako mukuona diso layera mbuu galu sakuonanso. Ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera ndi Bingo wanga, Boerboel wosakanizika ndi wachikuda, mwina wina zimuthandiza.

Anabwera madzulo kuchokera kumpanda wa bougainvillea komwe amakonda kuthamangitsana ndi mphaka wa aneba, diso lakumanzere ali chitsinzinire, misozi ili chuchuchu, akulipukuta ndi phazi komanso kukhuza nkhope pansi. Ndimati ndimuwunike ndi tochi ya pafoni iye n'kumathawitsa mutu, kuwala kumamupweteka. Pofika m'mawa manthongo anali atayamba ndipo diso limaoneka lachifungachifunga. Kaya inali minga kaya chikhadabo cha mphaka, zonsezo zimakanda malo amodzi, kagalasi kakutsogolo kwa diso kamene madokotala amati cornea, ndipo kagalasi kameneka ndi kopyapyala zedi, kumangopitirira pang'ono theka la milimita basi.

Malangizo ndiye anabwera osaitana. Wina amvekere thirani madzi a shuga, wina mkaka wa m'mawere, achimwene anga n'kubweretsa kabotolo ka mankhwala odontheza kotsala pomwe iwo ankadwala maso. Ndinaimbira kaye dokotala wa ziweto, iwo funso loyamba linali loti tandiwerengereni zomwe zalembedwa pa kabotolopo bambo. Nditangotchula dexamethasone anandidula, ayi ayi musathire. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse abale. Mankhwala a maso okhala ndi steroid, monga dexamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, amachotsa kufiira mwachangu moti mumaona ngati zikuyenda, koma ngati pali chilonda amachedwetsa kupola ndipo amapatsa mpata tizilombo kuti tidye kagalasi kaja mpaka kuboola. Ndipo ndi maso athuwa simungadziwe ngati pali chilonda kapena ayi. Anangondilola kutsuka ndi madzi owiritsa ozizira, kumuletsa kukanda, n'kubwera naye tsiku lomwelo.

Kupita naye ndiye inali ntchito payokha, minibasi sangakukwezeni ndi chigalu chotere, ndinachita kupempha galimoto ya mnzanga. Amene muli ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, awa ndi mabungwe osamalira ziweto, palinso makiliniki a ziweto omwe si aboma, ndipo kumaboma yambirani ku ofesi ya zaulimi mufunse a za ziweto akulozereni.

Titafika anamumanga kaye pakamwa, galu akamamva ululu amaluma ngakhale mwini wake. Choyamba anatenga kapepala kakang'ono kokhala ndi manambala n'kukakoleka kuchikope cham'munsi kwa mphindi imodzi, ati akuyeza misozi. Galu wabwinobwino amanyowetsa mamilimita 15 kapena kuposa, akatsika pansi pa 10 ndiye kuti diso ndi louma, ndipo diso louma limachita zilonda pafupipafupi ngakhale osakandidwa ndi kanthu. Wa ine misozi inalipo yambiri. Kenako anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kutembenuza zikope, kusuzumira kuseri kwa kachikope kachitatu kaja kamene kamatuluka pakona ya diso, chifukwa njere za udzu zimakonda kubisala kumeneko n'kumakanda nthawi iliyonse galu akaphethira. Munalibe kanthu.

Ndiye panabwera chomwe ndinapitira. Kapepala kena ka orenji, fluorescein, ananyowetsa n'kugunditsa padiso, kutsukuluza, kuzimitsa magetsi n'kuwunika ndi katochi ka buluu. Pomwe pali bwinobwino utoto umangotsetsereka, koma pomwe pasupuka umakakamira n'kumawala mobiriwira. Ndinachiona ndi maso anga, kamzere kobiriwira chapambali pa mwana wa diso, kotalika ngati njere ya mpunga. Patapita kanthawi ndinaona zobiriwira zikutuluka m'mphuno ndiye ndinadzidzimuka, adokotala n'kuseka, amvekere musaope bambo ndi njira ya misozi imeneyo, imatsikira m'mphuno, ndiye kuti ndi yotseguka.

Mwayi wake chilonda chinali chapamwamba. Anandipatsa antibayotiki wodontheza wa chloramphenicol, mapiritsi a ululu a agalu, komanso anadontheza atropine pomwepo, amene amakulitsa mwana wa diso kuti kupweteka kwa mkati kuchepe. Atropine ameneyu amapangitsa diso kuopa dzuwa ndiye galu azikhala pamthunzi, komanso ndi wowawa, akatsikira kukhosi chiweto chimachucha dovu makamaka mphaka, musaganize kuti ndi chiwewe.

Koma ntchito yeniyeni ili kunyumba, ndipo ndi kolala ija ya pulasitiki yotchinga mutu. Anthu amaivula chifukwa cha chisoni, galu akungogunda zitseko, akulephera kulowa mkhola mwake, akukuyang'anani momvetsa chisoni, koma kukanda kamodzi kokha usiku kumafafaniza zonse zomwe mwachita. Ya saizi ya Bingo kunalibe ndiye tinadula ndowa ya pulasitiki pansi pake, kukulunga m'mphepete modulamo ndi nsalu ndi tepi kuti isamucheke, kuboola timabowo n'kumangirira ku lamba wa m'khosi. Chofunika ndi choti ipitirire mphuno. Mbale ya chakudya ndinkachita kuikweza pa njerwa kuti azifikira.

Kudontheza nako kuli ndi kachitidwe kake. Mukabwera chakutsogolo botolo lili m'manja galu amadziwiratu. Ine ndinkamukhazika pakona ya khonde kuti asabwerere m'mbuyo, ine kuima kumbuyo kwake, dzanja limodzi pansi pa chibwano kukweza mutu, dzanja la botolo kulitsamiritsa pachipumi kuti iye akagwedezeka dzanja liziyendera limodzi, kukokera chikope cham'mwamba pang'ono n'kudontheza dontho limodzi basi, botolo osagunda diso. Manthongo kupukuta kaye ndi thonje lonyowa. Mukapatsidwa mankhwala awiri dikirani mphindi 5 pakati, ndipo amadzi amayamba, ophaka amabwera pomaliza apo ayi mafuta aja amatchinga. Akamaliza ndinkamupatsa usipa pang'ono, mpaka anayamba kubwera yekha akaona botolo. Nthawi yomwe mwauzidwa muzitsata, ine ndinaika alamu pafoni, ndipo masana ndikakhala kuntchito mphwanga ndi amene ankathira.

Chilonda chapamwamba chimayenera kupola pamasiku 5 mpaka 7, ndipo adokotala ananenetsa kuti ndibwerere ngakhale galu atatsegula diso, chifukwa kutsegula diso sikutanthauza kuti chapola. Tinabwerera, utoto uja sunakakamirenso, panangotsala kachipsera kotuwa komwe kanapita kachepa. Kolala inavulidwa tsiku limenelo, osati lisanafike.

Ndinawafunsa kuti chikanapanda kupola bwanji. Anati ndiye kuti pali chomwe chikuchisunga, mwina chikope chopindikira mkati moti tsitsi likukhuza diso, vuto lomwe limapezeka kwambiri mwa agalu a zikopa zolendewera kumaso monga Boerboel, Rottweiler ndi Shar Pei ndipo limafuna opaleshoni, mwina diso louma, mwinanso chilonda chija cha agalu okalamba, makamaka Boxer, chomwe khungu latsopano limakana kumatirira mpaka achite kupala m'mphepete mwake. Choopsa kwambiri ndi chomwe chalowa mabakiteriya ngati Pseudomonas, kagalasi kamayamba kusungunuka ndipo diso litha kuphulika tsiku limodzi kapena awiri. Mukaona kadzenje padiso, kapena payera motuwa ndi kufewa, kapena galu yemwe amachira wayambiranso kutsinzina, musadikire tsiku lomwe munapatsidwa. Zikatero madokotala amatha kutenga magazi a galu yemweyo n'kupatula madzi ake kuti muzidontheza, kapena kusokerera kanyama ka m'mbali mwa diso pachilondapo. Amene mumaweta tiagalu ta nkhope zophwatalala monga Pug, Pekingese ndi Shih Tzu, maso ake ndi otuluka ndiye zimathamanga kuposa apa. Ndipo galu akalavuliridwa ndi njoka ija yolavula, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali pompo, kenako mupite akamuyeze ndi utoto womwewu chifukwa poizoni wake amasupula diso.

Kwa amphaka nkhani imasiyana pang'ono. Zilonda zawo zambiri zimabwera ndi kachilombo ka herpes ka amphaka, kaja koyambitsa chimfine, kuyetsemula ndi maso omatana mwa tiana, ndipo kakalowa kamakhala m'thupi moyo wonse n'kumadzuka mphaka akasokonezeka, mwina mwasamuka nyumba kapena mwabweretsa mphaka wina. Pomudontheza mukulungeni m'chitenje kapena thaulo mutu wokha utuluke, apo ayi muona zikhadabo. Ndipo chonde Panado musayerekeze, piritsi limodzi lokha litha kupha mphaka, Brufen nayenso amawononga m'mimba ndi impso kwa agalu ndi amphaka omwe, mankhwala a ululu azichokera kwa dokotala wa ziweto basi.