Kabwato kosema theka aka, dizaini yake ndi ya ndani?

Ndili ndi kabwato kakalekale kathabwa, kosemedwa mbali imodzi yokha n'kukamata pathabwa lafulati loti uzipachika pakhoma. Kalibe mlongoti, kalibe matanga, dzina kalibenso, ndi thupi la boti basi. Aliyense amene anawerengako pang'ono za maboti akangokaona amathamangira kunena kuti ameneyu ndi Herreshoff, katswiri wakale wa ku America wopanga madizaini a maboti. Aaa abale, kabwato kalikonse kokongola kakhale ka Herreshoff?

Ine ndimati za dzina zidikire kaye, choyamba tidziwe ngati kanali kogwirira ntchito kapena kongokongoletsera nyumba, chifukwa tambiri timene mumationa pa intaneti n'tokongoletsa, tosemedwa boti litakhomedwa kale. Kale amisiri ambiri okhoma maboti sankayambira papepala, ankayamba n'kusema, ndipo theka linkakwana poti mbali inayo ndi chimodzimodzi nde uvutikirenji kusema zonse. Ankasanjikiza timatabwa topyapyala, kutigwiriza ndi tizikhomo tamtengo kapena masikuluu, kusema mpaka diso ndi dzanja zagwirizana, kenako n'kumasula kathabwa kalikonse kukayeza pakokha, manambala aja n'kukawakulitsa pansi mushedi mpaka afike saizi yeniyeni ya boti. Ndiye kogwirira ntchito sikasowa zipsera. Kangaka ukakawalitsa ndi tochi ya foni chammbali, osati molunjika, pansi pa vanishi wakudayo pamaoneka timizere ta pensulo toimirira, totalikirana mofanana kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo ukakachotsa pathabwa paja umapeza mitu ya masikuluu yomwe ikuchita kuonetsa kuti inamasulidwapo kangapo. Timatabwa take n'tamitundu iwiri, koyera kenako kofiirira, mosinthanasinthana, dala kuti mizere ya thupi izioneka.

Pomwepa mpamene nkhani ya Herreshoff imayamba kundikayikitsa. Nathanael Herreshoff wa ku Bristol, Rhode Island, yemwe anapanga Reliance, boti la mu 1903 la mpikisano wa maboti amatanga wa America's Cup, zoona ankasema matheka ngati amenewa, koma iye anali ndi kamakina kake koyezera pamwamba pa thupi osamasula chilichonse, komanso zosema zake pafupifupi 500 zili pamodzi ku Herreshoff Marine Museum konko ku Bristol. Kuti kamodzi kasochere mpaka kufika pakhoma langa, mmm, ndikukana.

Za sikelo n'zosavuta kwenikweni bola uziganiza mu mainchi ndi mafiti. Ambiri ankakonda theka la inchi kuimira futi imodzi, imene ndi 1:24, kapena 3/4 ya inchi, imene ndi 1:16. Kangaka n'kotalika mainchi 24, nde boti lake likhoza kukhala la mafiti 48 kapena 32. Chosadalira sikelo ndi kuyerekeza mulitali ndi mulifupi, kungoti osaiwala kuchulukitsa mulifupimo kawiri, paja mwagwira theka.

Kumene ndimathera nthawi ndi pa kaumbidwe, chifukwa thupi la boti limaulula nyengo yake ngakhale dzina litafufutika. Ku England cha m'ma 1870 mpaka m'ma 1880 lamulo loyezera maboti ampikisano linkapweteka boti lotambalala, ndiye anthu anayamba kukhoma zinthu zowonda zedi koma zozama, mphuno yoongoka kuti njo, mpaka ankazinena kuti thabwa loimika chammbali. Ku America nthawi yomweyo zinali zosemphana, maboti otambalala osazama, okhala ndi centreboard, chithabwa chapansi pa boti chotsitsa ndi kukweza. Kenako mu 1891 kunabwera Gloriana, boti la Herreshoff yemwe uja, mphuno yopindika mofatsa yotulukira patali pamwamba pa madzi, kumbuyonso chimodzimodzi, inapambana mipikisano yake yonse chaka chimenecho ndipo aliyense anayamba kukopera. Apa ndiye pagona vuto, ukaona mphuno yotere usati wapeza mwini dizaini, wangopeza fasho imene amisiri ambirimbiri anaitsatira. Chiwongolero nachonso chimanena zambiri, chikakhala chomatirira kumbuyo kwa keel yaitali (keel ndi chipsepse cha kunsi kwa boti) ndi kachitidwe kakale, chikakhala pachokha kutali ndi keel yaifupi nthawi zambiri ndi zam'ma 1960 kubwera kuno, sitayilo ya boti lotchedwa Cal 40, ngakhale analipo ena anayeserapo kale zimenezi m'ma 1890.

Kangaka kali ndi mphuno ya mtundu wa Gloriana, keel yaitali, chiwongolero chomatirira, mulifupi mwapakatikati, nde ndikuganiza kuti n'ka penapake pakati pa ma 1890 ndi ma 1930, boti loyendera zosangalatsa, losemedwa ndi mmisiri amene ankadziwa ntchito yake. Panopa ndikudula timakatoni totsatira thupi pa mzere uliwonse wa pensulo kuti ndijambule mizere yake papepala, ndikayerekeze ndi mapulani akale osungidwa ku Mystic Seaport ndi ku MIT Museum, nyumba zosungira zinthu zakale za ku America. Wina anandiuza kuti ndikapale ndi sandipepa ndipakenso vanishi watsopano kawale, ndinamukanira pomwepo, timizere ta pensulo tija tingapite ndi fumbi nanga makatoniwa ndiziwaika pati.