Tsitsi la ku Korea pamutu wa ku Chibavi

Ndisanayambe kudandaula, ndiyenera kuvomera kuti mtsikana wa ku saluni anandifunsa kawiri konse ngati ndinali nditathirapo mankhwala owongolera tsitsi, ndipo kawiri konseko ndinamuyang'ana m'maso n'kukana, ngakhale kuti panali patangopita milungu itatu chithirire rilakisa pakhonde pa mnzanga ku Zolozolo, kuno ku Mzuzu. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona andibweza, pamene ukwati wa msuweni wanga unali utatsala masiku asanu ndi limodzi okha.

Chimene chinandikopa ndi mafilimu a ku Korea amene ndinkaonera pafoni usiku, momwe akazi ake amakhala ndi tsitsi lopotana mofewa, logwera pamapewa ngati kuti anabadwa nalo. Nditafufuza ndinapeza kuti kakonzedwe kameneka amakatcha digital perm, kanayambira ku Japan, ndipo kamasiyana ndi pemu imene ankapanga amayi athu chifukwa kamadalira kutentha. Poyamba amapaka mankhwala ofewetsa tsitsi, kenako amalikulunga pa marola olumikizidwa ndi mawaya ku makina amene amawatenthetsa, kawirikawiri pakati pa madigiri 80 ndi 120, ndipo pomaliza amathira mankhwala ena oti tsitsilo ligwire mmene alipindiramo. Ndinawerenganso kuti mankhwala a pemu sagwirizana ndi rilakisa ya sodium hydroxide, ndipo kuti ziwirizi zikakumana tsitsi limaduka. Chiganizo chimenechi ndinachiwerenga mofulumira, ngati mmene munthu amadutsira pakhomo pa yemwe ali naye ngongole.

Saluni imene inali ndi makinawo inali m'tauni, chapafupi ndi msika, ndipo ndalama imene ndinalipira ikanagula matumba awiri a chimanga n'kutsalako ya chigayo. Mtsikanayo ananunkhiza tsitsi langa, nalikoka pang'ono, n'kunena kuti, "Asisi, mukunenetsa kuti tsitsili n'lachibadwa?" Ndinamuyankha kuti kwathu tonse tili ndi tsitsi lofewa chifukwa cha agogo athu aakazi, amene kunena zoona anamwalira ali ndi tsitsi lothyola zipeso.

Atatha kundikulunga, ndinadziona pagalasi ndili ndi mawaya oposa makumi awiri ochokera m'mutu kupita ku makina, ndipo mwana wina amene anabwera ndi mayi ake anafunsa mokweza ngati akunditchaja. Manambala ofiira a pa makinawo anakwera mpaka 90, m'mutu munayamba kufunda bwino, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndidzagwedezere mutu pa nthawi ya perekaniperekani pamene magetsi anazima. Mwini saluni anati tisadandaule chifukwa pali jenereta, koma jeneretayo inalibe petulo, choncho anatuma mnyamata ndi chigubu kuti akayang'ane mafuta. Mnyamatayo anatenga ola lathunthu ndi theka. Nthawi yonseyo ndinali nditamangidwa ku makina ngati mbuzi ya pachikhomo, osatha kupita kukataya madzi, uku amayi oluka mesh akundiyang'ana ndi chisoni chimene chinali ndi kuseka mkati mwake. Jenereta italira, makinawo anayambiranso pa ziro, ndipo palibe amene ankakumbukira kuti tsitsi linali litapsa kale mphindi zingati.

Komabe atamasula marola n'kuliumitsa, tsitsilo linaoneka bwino moti ndinadzijambula zithunzi khumi ndi ziwiri ndisanadzuke pampando. Mtsikanayo anandipatsa malamulo ake mosamala: ndisalinyowetse kwa maola 48, ndisalimange ndi labala, ndisalipese ndi chipeso cha mano othithikana, ndizilipota ndi zala poliumitsa, ndipo ndizigona nditavala kansalu koterera. Anandiuzanso kuti ndisadzadabwe likanyowa n'kuoneka ngati lawongoka, popeza pemu ya mtundu umenewu imapotana bwino tsitsi likauma.

Aliyense wokhala ku Mzuzu akudziwa kuti lamulo loti usanyowe maola 48 ndi lovuta kulisunga kuno kuposa malamulo khumi aja. Nditangokwera sakaramento, njinga ya kabaza, kulowera kwathu ku Chibavi, mtambo unatsika kuchokera ku mapiri ndipo mvula yowaza inayamba, ija yooneka ngati yachibwana koma yonyowetsa mpaka mkati. Ndinakhuthulira tomato amene ndinagula m'chikwama cha m'manja, n'kuvala jumbo yake yakuda kumutu. Wopalasa njingayo anacheuka kamodzi, sananene kanthu, koma mapewa ake ankagwedezeka njira yonse.

Usiku umenewo ndinagona chokhala, nditatsamira khoma, ndipo bambo a kunyumba atafunsa ngati m'nyumba mwalowa mankhwala a makoswe, ndinawauza kuti limenelo ndi fungo la ku Seoul. Tsiku lachitatu ndinasamba m'mutu ndi shampu yodula imene anandigulitsa ku saluni komweko. Ndikutsukuluza, ndinamva tsitsi likutamuka m'manja ngati chingamu, ndipo nditayang'ana m'beseni ndinaona ndalama yanga ya matumba awiri ikuyandama. Kumanzere, kumene marola anayamba kutentha magetsi asanazime, kunatsala timizere ngati munda umene mbewu zake zamera mwa apo ndi apo, pamene kumanja kunali kukadapotana monyadira, osadziwa kuti mnzake wapita.

Ndinabwerera ku saluni nditakonzeka kukalipa, koma mtsikana uja anangotola katsitsi kamodzi paphewa langa, nakakoka mpaka kuduka, n'kufunsa modekha kuti, "Asisi, agogo anu aja ankagula rilakisa ya mtundu wanji?" Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathera pomwepo. Anandilangiza kuti palibe mafuta kapena kondishona imene ingalumikize tsitsi loduka chotero, ndipo anandilozera kwa ometa amene ali kuseri kwa saluniyo, kumene mnyamata wina anamaliza nkhani yonse m'mphindi zisanu, magetsi osazima ngakhale pang'ono.

Ku ukwati ndinapita nditamanga duku lalikulu logwirizana ndi chitenje cha akuchikazi, ndipo azakhali anandiyamikira pamaso pa atsikana onse kuti ndine mwana wosunga mwambo. Vuto linabwera Lamulungu, pamene duku linaterereka pa mpala wanga ndikuwerama kutola ndalama ya chopereka imene inagwa pansi. Titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire wa m'chigwirizano anandikokera pambali, nandigwira dzanja ndi manja ake awiri, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani mwanawe, ife sitinamve. Mwameta kale? Ndani watisiya?" Ndisanapeze poyambira, anali atandifumbatitsa K2,000 ya chipepeso n'kupita kukauza anzake. Ndalamayo ndinailandira, chifukwa maliro analipodi, ndipo Lachiwiri madzulo amayi asanu ndi awiri anafika kunyumba ndi nkhuni, ufa ndi buku la nyimbo, n'kupeza bambo a kunyumba, amene mphekesera inali itawaika kale m'manda, akutsuka njinga yawo pabwalo.